Walakwa samuyi si mwana

Pali bodza limene timauza ana athu ku Luveve, ndipo talibwereza kwa zaka zambiri moti ifenso tayamba kulikhulupirira. Bodzalo n'lakuti masamu ndi mphatso yobadwa nayo: wina Chauta anamupatsa, wina anamumana. Mwana akabwera ndi kope lodzaza mitanda yofiira, mayi amati watengera kwa bambo ake, bambo amati watengera kuchikazi, aphunzitsi amalemba pa lipoti kuti alimbikire, nkhani n'kuthera pomwepo. Palibe amene amafunsa ngati mwanayo analimva n'komwe funso limene walakwalo. Ine ndikuti ambiri mwa ana amene timawatcha mbuli pa masamu m'masukulu a pulayimale a kuno sanagonje ndi masamu. Ena anapunthwa pa Chingerezi, ena mutu unaima chifukwa choopa rula, ena makolo awo analibe madola olipirira maphunziro apadera. Ife tatenga mavuto atatuwa n'kuwapatsa dzina limodzi loti "mutu wouma", kenaka n'kumusenzetsa mwana wa zaka zisanu ndi zinayi.

Ntchito yanga ndi yomasulira. Ndimadya thukuta losamutsa mawu kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa ndi m'Chindebele, choncho ndimadziwa kuchuluka kwa zimene zimatayika panjira munthu akamamva nkhani m'chilankhulo chimene sachidziwa bwino. Ndine mdzukulu wa munthu amene anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito ya njanji ku Bulawayo nthawi ya chitaganya, ndipo ndinakulira ku Luveve, dera limene atsamunda anamangira anthu akuda m'zaka za m'ma 1930, makilomita angapo kunja kwa tauni ya azungu. Kunyumba tinkamva Chichewa, mumsewu tinkasewera m'Chindebele, anzathu ena ankabwera ndi Chishona, Chikalanga kapena Chitonga. Chingerezi tinkakumana nacho pa bolodi basi. Ana a lero a ku Luveve, Gwabalanda, Emakhandeni ndi Cowdray Park akukula chimodzimodzi, kupatula kuti iwo ali ndi foni.

Tiyambe ndi masamu amene anawa amachita asanafike pa geti ya sukulu. Ku Bulawayo munthu amayenda ndi ndalama za mitundu itatu m'thumba limodzi: dola ya ku America, randi ya ku South Africa, ndi ZiG imene boma linayambitsa mu Epulo 2024. Tinene kuti mwana watumidwa ndi madola asanu tsiku limene mumsewu akusintha dola imodzi ndi marandi 18. Wagula buledi muwiri pa dola dola, mulu wa tomato wa marandi 10, ndi repu wa marandi 5. Mayi wogulitsayo akumupatsa chenji cha madola awiri ndi marandi atatu. Mwanayo akuyang'ana m'manja kamphindi, n'kugwedeza mutu, ulendo. M'kamphindi kameneko wachotsa 2 pa 5, wachulukitsa 3 ndi 18 n'kupeza 54, wachotsapo 15 kutsala 39, ndipo watsimikiza kuti 36 kuphatikiza 3 ndi 39 yemweyo. Alibe pensulo, alibe kope. Akalakwitsa, kunyumba akayankha mlandu, ndiye salakwitsa. Mwana yemweyu ndi amene pa 10 koloko m'mawa alembedwa kuti sadziwa kuchotsera.

Dziko lino lawaphunzitsa anthu ake masamu mwankhanza kuposa sukulu iliyonse. Banki yaikulu inachotsa maziro atatu pa ndalama mu 2006, maziro khumi mu 2008, ndi ena khumi ndi awiri mu 2009. Onse pamodzi maziro 25. Kumayambiriro kwa 2009 kunatuluka ndalama yapepala ya 100 trillion, nambala ya maziro 14, ndipo agogo osapita kusukulu ankaiwerenga bwinobwino pamsika. Kenaka kunabwera makobidi a bond mu 2014, mapepala ake mu 2016, RTGS mu 2019. ZiG inayamba pa 13.56 pa dola imodzi, koma pofika kumapeto kwa Sepitembala 2024 inali itadutsa 24. Banja lililonse la ku Luveve ladutsa m'zonsezi likuwerengera usiku ndi usana kuti lisagone ndi njala. Madzi nawo ndi samu. Mu 2020 mipopi ya mu mzinda inkatsekedwa maola 144 pa sabata, ndipo chaka chomwecho matenda otsekula m'mimba anapha anthu osachepera 13 ku Luveve komwe kuno. Mwana aliyense amene ananyamulapo chigubu cha malita 20 kuchokera pa mjigo amadziwa kuti maola 144 ndi masiku asanu ndi limodzi, amadziwanso zigubu zingati zimafikitsa banja lawo Loweruka. Anthu otere mungawauze bwanji kuti mtundu wawo ulibe mutu wa manambala?

Zimenezi si za kuno kokha. Mu 1985 ofufuza atatu, Terezinha Nunes Carraher, David Carraher ndi Analúcia Schliemann, anafalitsa zimene anapeza pakati pa ana ogulitsa malonda m'misewu ya ku Recife, ku Brazil. Powagula malonda ngati makasitomala wamba, anawo anakhoza pafupifupi mafunso 98 pa 100 aliwonse. Atawapatsa manambala omwewo papepala, ngati samu za kusukulu zopanda nkhani, anakhoza pafupifupi 37 okha. Mutu ndi womwewo, manambala ndi omwewo. Chimene chinasintha ndi malo, ndi njira imene anawo ankaganiza kuti akuyenera kutsata akaona pepala. Sukulu inali itawaphunzitsa kuti nzeru za pamsika azisiya pakhomo ngati nsapato zamatope.

Tsopano tilowe m'kalasi. Ana ndi ochuluka, ena atatu pa desiki ya awiri, buku limodzi akuyang'anamo mitu ingapo. M'masukulu ena a kumadzulo kwa mzinda, makamaka kumene nyumba zachuluka msanga ngati ku Cowdray Park, zipinda n'zochepa moti ana amasinthana, ena m'mawa ena masana. Aphunzitsi alemba pa bolodi 82 kuchotsa 57, ndipo kalasi yonse ikuyankha pamodzi ngati kwaya: ziwiri kuchotsa zisanu ndi ziwiri, "it can't", ndiye "we borrow one". Mawu amenewa ndinawaloweza ine, akuwalowezanso ana a alongo anga lero. Koma taganizani zimene mwana akumva. Akumuuza kuti abwereke. Kwa yani? Abweza liti? Kwathu chobwereka chimabwezedwa, ndipo wosabweza amatchedwa dzina loipa. Apa akubwereka chimodzi, chikafika kumene chikupitako chikusanduka khumi, ndipo palibe amene akubweza. Mwana wanzeru ndi amene amasokonezeka kwambiri, chifukwa iye akufuna kuti zimveke. Wongoloweza amakhoza lero n'kuiwala mawa.

Chikhalirecho zimene zikuchitika pa bolodipo mwana aliyense wa ku Luveve amazidziwa. Si kubwereka ayi, ndi kuphwanya ndalama. Uli ndi mapepala asanu ndi atatu a madola khumi khumi ndi madola awiri apadera, ndipo ukufuna kulipira 57. Umatenga pepala limodzi la khumi n'kuliphwanya kuti likhale madola amodziamodzi. Mawu amodzi okha a chilankhulo cha kunyumba akanatsegula chitseko chimene mwana akhala akuchigogoda mpaka Giredi 7. Komanso mwana wa pamsika uja ali ndi njira yakeyake: kuchoka pa 57 kufika pa 60 ndi zitatu, kufika pa 80 ndi makumi awiri, kufika pa 82 ndi ziwiri, zonse 25. Yankho ndi lolondola, njira yake ndi ya masamu enieni. Koma akalemba choncho amamudula malikisi chifukwa sanaonetse "working" imene ili m'buku.

Vuto limakula ikafika samu yankhani. Tsiku lina mwana wa mlongo wanga, wa Giredi 4, anandibweretsera ntchito ya kunyumba imene anailakwa. Funso linali m'Chingerezi: Sipho ali ndi mabulo 12, ndipo ali ndi asanu "more than" Tendai, Tendai ali ndi angati? Iye analemba 17. Nditamufunsa chifukwa chake anati, "Amalume, aphunzitsi anati tikaona *more* tiziphatikiza." Ndinamufunsa funso lomwelo m'Chindebele, kuti Sipho wamuposa Tendai ndi mabulo asanu. Sanadikire kuti ndimalize. Anati asanu ndi awiri, n'kundiyang'ana ngati ndamufunsa zachibwana. Aphunzitsi akewo sindikuwanyoza. Munthu amene ali ndi kalasi yodzaza ana osamva chiganizo chonse amawapatsa chogwirira: ukaona "altogether" phatikiza, ukaona "left" chotsera, ukaona "share" gawa. Imeneyi ndi njira yopulumukira mayeso. Zotsatira zake n'zakuti mwana amasiya kuwerenga funso n'kumasaka liwu limodzi ngati mlenje, ndipo tsiku limene liwulo lamunamiza amalembedwa kuti sadziwa masamu.

Ngati womasulira ndikuuzeni kuti Chingerezi cha masamu ndi msampha ngakhale kwa mwana wodziwa Chingerezi cha pa TV. "Difference" amaidziwa kuti ndi kusiyana, ndiye ukamufunsa "difference" ya 82 ndi 57 amayankha mosanama kuti ina ndi yaikulu, ina yaing'ono. "Table" ndi podyera, "volume" ndi ya wailesi, "left" ndi dzanja lamanzere, "odd" ndi chinthu chachilendo, "product" ndi katundu wa m'sitolo. Mwana wa ku London amapunthwanso pa mawuwa, koma amapunthwira m'nyumba mwake. Wathu akupunthwa ali mlendo, mumdima, wina atagwira ndodo kumbuyo.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti zilankhulo zimene timazitsekera kunjazo zili ndi masamu m'kati mwake. M'Chichewa sitikhala ndi liwu lapadera la 7 kapena 8. Timati zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu. Tsono phatikizani ziwirizi mongomvera mawu: zisanu ndi zisanu ndi khumi, ziwiri ndi zitatu ndi zisanu, yankho khumi ndi zisanu. Chimene mabuku amakono amalimbikitsa, chophwanya nambala kuti upange khumi, chilankhulo chathu chinachita kale. Tikati makumi awiri ndi zitatu tanena poyera kuti pali mitolo iwiri ya khumi ndi zitatu zapadera, pamene "eleven" ndi "twelve" sauza mwana kanthu za khumi, ndipo "thirteen" ndi "thirty" amamveka ngati mapasa m'khutu la mwana wa kuno. Chindebele chimawerengera pa zala: 6 ndi *isithupha*, chala chachikulu cha dzanja lachiwiri, 7 ndi *isikhombisa*, chala cholozera, 8 ndi *isitshiyagalombili*, kusiya ziwiri, 9 ndi *isitshiyagalolunye*, kusiya chimodzi. Mwana wotchula mawu amenewa akunena kale kuti 8 ndi khumi kuchotsa ziwiri. Ofufuza amene anayerekeza ana aang'ono a ku China ndi a ku America anapeza kuti amayendera limodzi powerenga mpaka pa khumi, koma kupitirira apo a ku China amathamanga, chifukwa chilankhulo chawo chimati "khumi-chimodzi, khumi-ziwiri" ngati chathu. Chuma chimene ena amachitamanda, ife tinachisiya pa geti.

Malamulo, mukawawerenga, ali mbali yathu. Gawo 6 la malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 limavomereza zilankhulo 16, ndipo pa mndandandawo Chichewa ndicho chili poyamba, poti anatsata alifabeti. Dongosolo la maphunziro la 2015 linati ana a mkaka mpaka Giredi 2 aziphunzira m'chilankhulo chimene amalankhula. Lamulo la maphunziro litakonzedwa mu 2020 linanenanso za chilankhulo cha kunyumba kwa ana aang'ono, n'kuwonjezera kuti chilankhulo chophunzitsira chikhalenso cha mayeso. Koma womasulira amayang'ana mneni. Lamulolo likuti sukulu iliyonse "shall endeavour", kutanthauza kuti iyesetse. Kuyesetsa sikumangitsa munthu. Ndipo pepala la masamu la Giredi 7 la bungwe la ZIMSEC limabwerabe m'Chingerezi chokha. Mphunzitsi wamkulu aliyense amadziwa kuti sukulu yake idzayezedwa ndi pepala limenelo, ndiye amakankhira Chingerezi pansi mpaka kwa ana a zaka zisanu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: papepala zilankhulo 16, pa desiki ya mayeso chimodzi.

Tisaiwale kumene mayeso amenewa anachokera. Dongosolo la boma la Rhodesia la 1966 linakonza kuti mwa ana akuda omaliza pulayimale, 12.5 pa 100 okha ndiwo apite ku sekondale ya maphunziro a m'mabuku, 37.5 apite ku sukulu za ntchito zamanja zotchedwa F2, theka lotsalalo libwerere kunyumba. Mayeso anali sefa, ndipo ntchito ya sefa ndi kutaya. Kumwera kwa Limpopo, Hendrik Verwoerd anafunsa poyera mu 1953 kuti kuphunzitsa mwana wakuda masamu kuli ndi phindu lanji. Ana a ku Soweto amene anatuluka m'makalasi mu Juni 1976 ankakana, mwa zina, kuphunzira masamu m'Chiafrikaans. Anthu amene ankafuna kutitsekera kunja ankadziwa bwino kuti chilankhulo cha phunziro la masamu ndi loko. Ife tinalandira ufulu mu 1980, tinamanga masukulu ambiri, koma sefa ija tinangoipukuta n'kupitiriza kuigwiritsa ntchito. Mu 2020, chaka cha Covid, ana 37 okha pa 100 ndiwo anakhoza mayeso a Giredi 7 m'dziko lonse, ndipo mpaka 2024 chiwerengerocho sichinafike theka. Dziko limene ana oposa theka amalephera chaka ndi chaka liyenera kuyamba kukayikira mayesowo ndi kaphunzitsidwe kake, m'malo mokayikira ana.

Ndikudziwa zimene anzanga amayankha, ndipo zina n'zomveka. Choyamba amati makolo eni ake ndiwo amafuna Chingerezi. N'zoona. Mayi amene mwamuna wake ali ku Joni, mchemwali wake akusamalira okalamba ku England, amadziwa kuti Chingerezi ndi pasipoti, ndipo palibe amene ali ndi ufulu womuseka. Koma funso n'lakuti njira yofikira ku Chingerezicho ndi iti. Kuyambira 1970, Aliu Babatunde Fafunwa ndi anzake ku Ile-Ife, ku Nigeria, anaphunzitsa gulu la ana zaka zisanu ndi chimodzi zonse za pulayimale m'Chiyoruba, masamu omwe, Chingerezi chikuphunzitsidwa bwino ngati phunziro palokha. Anawo sanatsalire pa Chingerezi, ndipo pa maphunziro ena anaposa anzawo amene anasinthira ku Chingerezi msanga. Mwana amene wamvetsa kugawa m'chilankhulo chake amangofunika kuuzidwa dzina lake la Chingerezi, ntchito ya tsiku limodzi. Amene sanamvetse ali ndi dzina lopanda mwini.

Chachiwiri amati zilankhulo zathu zilibe mawu a masamu. Amene amanena izi sanatsegulepo mabuku a masamu a Chichewa amene ana a ku Malawi a Sitandade 1 mpaka 4 anaphunzira nawo kwa zaka zambiri: kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa, kugawa, theka, zotsala. Pulofesa Mercy Kazima wa ku Yunivesite ya Malawi analemba mu 2008 za njira ziwiri zimene mayiko atsata: Tanzania ndi Nigeria anapanga mawu atsopano kuchokera m'zilankhulo zawo, pamene Malawi anabwereka mawu a Chingerezi n'kuwalemba mwa Chichewa. Njira iliyonse ili ndi ubwino ndi zovuta zake, koma zonse zikusonyeza kuti ntchitoyi imatheka. Ife omasulira timapeza mawu a matenda a shuga, a malamulo a zisankho, a inshulansi. Tingalephere kona ndi mzere? Chingerezi nachonso sichinabadwe ndi mawuwa: "algebra" ndi "zero" anachokera ku Chiarabu, "geometry" ku Chigiriki.

Chachitatu amati ngakhale ife eni ake timawerenga ndalama m'Chingerezi. Palibe amene amati makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu pogula shuga. Zoona, ndipo sindikupempha kuti tisiye kunena "seventy-eight". Manambala a Chingerezi analowa kale m'zilankhulo zathu ngati mmene analowera sopo ndi buledi. Chimene ndikufuna ndi chilankhulo chofotokozera, chofunsira, chotsutsira. Mwana athe kukweza dzanja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, pamenepo ndasochera, khumi lija lapita kuti?" Funso limeneli ndi pamene masamu amayambira, ndipo mwana sangalifunse m'chilankhulo chimene akuopa kuti anzake amuseka akalakwitsa mneni. Kalasi imene ana amangoyankha "yes, teacher" pamodzi imaoneka yaulemu, koma nthawi zambiri ndi kalasi imene yasiya kuganiza.

Chachinayi ndicho chimandikhudza ineyo mwini. Amati kalasi ya ku Luveve ili ndi zilankhulo zambiri, ndiye tisankha cha yani? Pano ndiyankhe mosabisa, ngakhale ndikulemba m'Chichewa. Sindikupempha kuti ana a ku Luveve aphunzire masamu m'Chichewa. Chilankhulo cha mumsewu muno ndi Chindebele, ndipo adzukulu a anthu a ku Nyasaland amachilankhula kuposa mmene amalankhulira cha agogo awo. Chindebele chikhale poyambira, ndipo mphunzitsi wotumizidwa kwa ana aang'ono m'dera lino azichidziwa, monga anthu a ku Matabeleland akhala akudandaulira kwa nthawi yaitali. Koma mphunzitsi wabwino angathe kufunsa kuti, "Kwanu 8 mumati chiyani?" n'kulemba mayankho onse pa bolodi. Tsiku limenelo mwana amene makolo ake ankanyozedwa kuti ndi Mabhurandaya, amene chitupa cha agogo ake chinalembedwa kuti "alien", adzaona chilankhulo cha kwawo chikuthandiza kalasi yonse kupeza 15. Ena mwa ana amenewa amavutika ngakhale kulembetsa mayeso a Giredi 7 chifukwa chosowa chikalata chakubadwa, vuto lochokera kwa makolo amene nawonso analibe mapepala. Mwana amene boma likuchedwa kumuwerenga, sukulu isamuuzenso kuti kuwerenga kwa kwawo n'kopanda ntchito.

Za ndodo sindichulukitsa. Lamulo la 2020 lija linaletsa mphunzitsi kumenya mwana, ndipo linachita bwino. Ife tinakula ndi samu za pamtima za m'mawa, kuimirira pamzere, yankho likachedwa rula pa zala. Amene amati zinatithandiza amawerenga okhawo amene anapulumuka. Sawerenga anzathu ambirimbiri amene mpaka lero, ali ndi ana awoawo, thukuta limatuluka akaona fomu ya manambala. Mantha amaphunzitsa liwiro ndi kubisala kumbuyo kwa mnzako. Masiku ano ndodo yachepa, koma yalowedwa m'malo ndi chikwapu china, cha m'thumba. Maphunziro apadera olipira, amene unduna wanena kambirimbiri kuti ndi oletsedwa, ali ponseponse, ndipo makolo amanong'onezana kuti zenizeni zimaphunzitsidwa kumeneko. Pamene kunabwera CALA mu 2021, yotenga malikisi 30 pa 100, ntchito zambiri zinkachitidwa ndi makolo okhala ndi intaneti ndi ndalama yosindikizira, mpaka boma linaichotsa mu 2024. Aphunzitsi sindiwaimba mlandu onse. Mabungwe awo, monga ZIMTA ndi PTUZ, akhala akulirira malipiro a madola 540 amene ankalandira isanafike Okutobala 2018. Munthu wanjala amagulitsa chimene ali nacho. Koma tivomereze kuti zikatero malikisi a mwana akuyeza thumba la bambo ake, ndipo tisamawatche nzeru.

Abale anga a ku Malawi, musawerenge izi ngati nkhani ya eni ake. Inu munali patsogolo: kuyambira 1968 Chichewa chinali chilankhulo chophunzitsira m'makalasi oyamba, ndipo mu 1996 boma linalola zilankhulo zina za kunyumba. Kenaka lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi, ndipo mu 2014 kunalengezedwa kuti chiyambire Sitandade 1. Mwana wa ku Mchinji amene sanamvepo Chingerezi chiyambire akuyenera kukumana ndi manambala m'mawu achilendo tsiku lake loyamba. Pamene inu mukubwerera m'mbuyo, South Africa, imene inayesa kuphunzitsa masamu ndi sayansi m'Chixhosa pamodzi ndi Chingerezi ku Cofimvaba kuyambira 2012, inayamba kufalitsa njirayi m'Giredi 4 mu 2025. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Zimene ndikupempha si zodula kuposa zimene timawononga kale. ZIMSEC isindikize pepala la masamu la Giredi 7 m'zilankhulo ziwiri, Chingerezi mbali ino, chilankhulo cha deralo mbali inayo, mwana awerenge kumene akumva. Atonga a ku Binga anamenyera chilankhulo chawo mpaka chinayamba kulembedwa pa mayeso a Giredi 7 mu 2011, ndiye tisauzidwe kuti makina osindikizira amadziwa Chingerezi chokha. Makoleji a aphunzitsi, monga United College of Education konkuno ku Bulawayo, aphunzitse poyera luso losinthasintha zilankhulo pofotokoza samu, m'malo moti aphunzitsi azichita mobisa ngati akuba, n'kusiya akangoona woyendera sukulu. Njira iliyonse yolondola imene mwana wapezera yankho ilandire malikisi. Bawo, intsoro ndi phada zilowe m'kalasi, chifukwa mwana wofesa njere m'maenje akuwerengera patsogolo kuposa wokopera za pa bolodi. Omasulira ndi aphunzitsi tikhale pansi tilembe timabuku ta mawu a masamu m'Chindebele, m'Chichewa, m'Chitonga ndi m'Chikalanga, tisadikire kuti unduna utiitane. Ndipo aphunzitsi alipidwe zokwanira kuti phunziro lonse lithere m'kalasi, pamaso pa ana onse.

Kwa makolo anzanga pempho langa ndi laling'ono, ndipo silifuna dola. Mwana akabwera ndi mtanda wofiira, musathamangire kunena kuti watengera uje. Mufunseni funso lomwelo m'chilankhulo chimene mumamutumira kumsika, muike ndalama kapena nyemba patebulo, muone. Akalephera apo, ndiye kuti pali samu yoti aphunzire, ndipo mumuthandize modekha. Akakhoza, dziwani kuti cholakwika chili kwina, ndipo mupite nacho ku msonkhano wa makolo kusukulu, mukachinene mokweza. M'mera mpoyamba: mwana amene wauzidwa ali Giredi 3 kuti alibe mutu wa masamu amakhulupirira, amasiya kuyesa, ndipo pofika Fomu 4 bodza lija limakhala litasanduka zoona. Anamwino, amisiri a magetsi ndi mainjiniya a madzi amene Bulawayo akuwasowa lero ali m'makalasi amenewa, atakhala atatu pa desiki, akudikira kuti wina awafunse funso m'mawu amene akumva.